Mwezi Wokasambira ku Beira

Pa kalendala ya sitolo ya simenti ku Kapata
tsamba la Okutobala linali ndi nyanja.
Chaka chitatha sindinalitaye.
Ndinalimata pakhoma, pamwamba pa makina osokera,
ndipo singano yandibaya kangapo
maso ali pamenepo.

Mlongo wanga Yokoniya amayendetsa thiraki ya feteleza,
kutulukira pa Chanida, kudutsa Tete, mpaka ku Beira.
Akuti madzi akumeneko sakhala phee ngati damu la Lutembwe,
amabwera, kubwerera, kubweranso,
ngati wangongole amene wamva kuti walandira.
Anandibweretsera mchenga m'botolo la mafuta ophikira
ndi chigoba cha nkhono chobenthuka mlomo.
"Sankha mwezi," anatero,
"mpando wakumanzere ulibe mwini."

Ndiye ndakhala ndikusankha.

Januwale ayi.
Akuti kumafika namondwe wokhala ndi dzina ngati munthu,
amasasula malata, kugoneka mitengo ya kokonati,
nyanja n'kuda bii ngati Lunkhwakwa itasefukira.
Komanso ndi mwezi wa mayunifolomu.
Ndikangochoka, Dailesi wa tebulo loyandikana
atenga masiketi onse a giredi wani.

Meyi ndi wa mtedza wa amayi ku Chiparamba.
Sufukulidwa ndi munthu amene ali kunja.

Juni?
Ine amene ndowa yosamba ndimayamba ndaithira ketulo,
ndikalowe m'nyanja mano akugundana?
Yokoniya anaseka: "Alendo amasambira Juni yemweyo."
Ndinati alendowo ali ndi khungu lawo.

Watsala Okutobala,
pamene phiri la Kanjala ladetsedwa ndi lupsa,
nyenje zikuboola m'makutu,
phula la msewu wa Umodzi likumata mapatapata,
ndipo ngakhale agalu a ku Mchini
amasiya kuuwa masana.
Mwezi umenewo thupi limapempha lokha madzi.

Chimene sindinamuuze Yokoniya n'chakuti
sinditha kusambira.

Lamulungu lililonse tikaweruka ku tchalitchi
Tikambenji, mwana wanga wa giredi seveni,
amanditengera ku Lutembwe
ndi chigubu cha malita asanu chotseka bwino.
"Chiikeni pachifuwa.
Amayi, musamenye madzi ngati mukuchapa bulangete.
Tsekani pakamwa."
Anyamata owedza amaseka mpaka nyambo kugwa.
Ndamwa damu limeneli
lokwanira kuthirira dimba la repu.

Chovala ndasoka kale,
cha nsalu zotsala pa madiresi a ukwati wa eni ake,
chofika m'mawondo, cha manja,
poti sindikudziwa nyanja imafuna ulemu wotani.
Pasipoti ili pansi pa matiresi
pamodzi ndi ndalama za chilimba cha Ogasiti.

Dzulo foni yalira ndili pakati pa kolala.
Abwana asintha ulendo.
Okutobala uno thiraki ikupita ku Kopala ndi chimanga,
ku Beira mwina chaka chamawa,
mwina mvula ikatha, sakudziwa.
Ndinati chabwino, yenda bwino,
ndipo kolalayo ndinaisoka chozondoka.

Madzulo ndinatsegula botolo lija.
Mchenga wake ndi mchenga basi,
koma ukaununkhiza pafupi
muli kafungo ka kapenta wouma.
Ndinanyambita chala. Mchere ulimo.

Tikambenji anafunsa ngati Lamulungu tipitebe.
Ndinati tipita.

Ndipo lero, dzuwa lili paliwombo,
chigubu ndinachisiya pa udzu.
Ndinaponya mkono kamodzi, kawiri,
kasanu,
kenako phazi linafuna pansi, n'kupapeza.
Anyamata aja sanaseke.
Mmodzi anangoti, "Amama, mwathamangitsa nsomba."

Kalendala ikadali pakhoma.
Ngodya imodzi yamatuka ndi kutentha,
ndaibaya ndi phini.